Chogwirira cha Ketulo

Chibwerereni makina osindikiza zinthu zapulasitiki m'nyumba mwathu ku Sinza, mwamuna wanga Kombo wasanduka mmisiri wa chilichonse. Amajambula pakompyuta, makinawo n'kumalavula ulusi wosungunuka mpaka patuluke chokolekera makiyi, mbale ya sopo, zopanira zovala. Takhala nazo mpaka zoikira foni kuchimbudzi.

Loweruka kunkabwera achibale a mnyamata wofuna kukwatira mwana wathu Zuhura, kuchokera ku Tanga. Anthu a ku Tanga amenewo amaweruza banja lonse poona mmene mayi wathirira tiyi, ndipo ine sindinkafuna kuti apeze ponenera. Chogwirira chathabwa cha ketulo yanga chinali chitang'aluka, choncho ndinati ndikagule ketulo ina kumsika wa Kariakoo.

"Ugulirenji, amake Zuhura? Fakitale ili m'nyumba mommuno."

"Sichisungunuka chimenecho?"

"Iwe dziwa zamapoto, zamakina undisiyire."

Chogwirira chatsopanocho chinatuluka m'makinamo chobiriwira, cholembedwa dzina lake pambali. Anachiyesa ndi madzi ozizira a pampopi, akuzunguza ketuloyo m'mwamba ngati wapata chikho. Uchitsiru wanga ndi woti ndinamukhulupirira.

Tsikulo ketulo inakhala pambaula ola lathunthu, tiyi wajinja akununkhira mpaka kumsewu. Ndinainyamula, kulowa pabalaza, kuwerama pamaso pa azakhali a mnyamatayo. Chogwirira chinangotamuka ngati chingamu. Tiyi yense anatayika, wina pamapazi anga, wina pansalu yatsopano ya azakhaliwo.

Sindinakuwe. Ndinaluma mano chifukwa cha mwana wanga. Azakhali anayang'ana nsalu yawo, anayang'anana ndi anzawo.

"Palibe kanthu, mayi," anatero. "Nyumba iliyonse ili ndi machitidwe ake."

Mawu amenewo anandiwawa kuposa tiyi.

Ndinakakhala kukhitchini, mapazi m'beseni la madzi, matuza akutukuka, mtima ukuwira. Patapita nthawi Kombo analowa ali wefuwefu, thukuta lili kamukamu, n'kugwada pafupi nane. Ndinati basi, bambo wabwera kudzapepesa, ndipo mkwiyo unayamba kutsika.

"Amake Zuhura," ananong'ona, "tiyi uja anali wowira kwenikweni, kapena wongotentha? Ndikufuna ndidziwe mtundu wa ulusi woti ndigule."

Pawindo ndinaona Zuhura ataima yekha pakhonde, atagwira thireyi ya makapu osagwiritsidwa ntchito.

"Thamanga ukawafunse alendo ako," ndinatero. "Ndi awo akutuluka pageti."