Zaka Ziwiri za a Anghel

Smaranda Bucur anali ndi chizolowezi chokonza anthu akamalankhula. Chizolowezichi chinakula chaka chimene anayamba kudziphunzitsa yekha masamu a ziwerengero, pokonzekera mayeso a ku Amerika ofanana ndi a chaka choyamba cha ku koleji. Kusekondale kwawo, m'tauni ya Bistrița, kunalibe mphunzitsi wa phunziroli. Anangopeza buku lakale n'kumalimbana nalo akaweruka, chifukwa mtima wake unali pokaphunzira kunja. Wowerenga nkhani pa wailesi akati "kafukufuku wasonyeza," iye ankamuyankha ali kukhitchini: "Anafunsa anthu angati? Anawasankha bwanji?"

Bambo ake, a Anghel, makaniko wa mabasi, zinkawakomera zimenezi. "Tudora, tinabereka loya wa manambala," ankawauza akazi awo. "Uyu ngakhale wansembe adzamufunsa umboni."

M'nyengo ya chisanu a Anghel anayamba chifuwa chosamva mankhwala. Kuchipatala anawapeza ndi khansa ya m'mapapo.

Lamlungu lina mu Malichi atatuwo anakhala pa tebulo kudya msuzi wa nyemba ndi buledi. A Anghel anali atawala nkhope. Mlungu umenewo anali atakaonana ndi dokotala pamodzi ndi akazi awo, ndipo anabwerako akuimba mluzu.

"Dokotala uja ndi munthu," anatero akunyema buledi. "Akuti kwa odwala ngati ine, nambala yapakati ndi zaka ziwiri. Ndiye ziwirizo ndi zanga kale, zili m'thumba. Zapamwamba pake tidzakambirana ndi Mulungu. Khonde lija ndimaliza kulimanga, ndipo iwe Smari ndidzakuperekeza ndekha ku bwalo la ndege."

"Ayi Tata, si choncho," anatero Smaranda, maso ali m'mbale. "Nambala yapakati ndiye kuti theka la odwala amapitirira zaka ziwiri. Theka linalo safikapo n'komwe."

Anadzimva mawu atatuluka kale. Anali atawanena ndi liwu lomwe lija ankayankhira wailesi.

A Tudora anaika supuni pansi. A Anghel anayang'ana mwana wawo, kenako akazi awo, ndipo akaziwo anayang'ana pawindo.

"Theka," anatero bambowo. "Ohoo."

Anamaliza msuzi wawo, n'kupukuta mbale ndi buledi monga mwa masiku onse. Anathokoza chakudya, natuluka panja.

Kukhitchini a Tudora sanakweze mawu. "Ukuyesa ine sindinamve? Ndinali momwemo. Dokotala anafotokoza bwinobwino, bambo ako anatolapo zimene akanatha kusenza. Ine ndinawasiya dala."

"Sindinaganize, Mama."

"Unaganiza. Vuto lako ndi lomwelo. Tsuka mbalezo."

Mlungu wotsatira a Anghel anatuta matabwa a khonde n'kukawaunjika m'shedi. Mluzu unatha. Ankakhala pa mpando ndi bulangete m'miyendo, kuonera mpira wa matimu amene sankawasamala n'komwe. Smaranda ankawabweretsera tiyi asanapemphe, nsapato zawo ankazipukuta, koma iwo ankangoti "zikomo" ngati akuthokoza mwana wa eni.

Tsiku lina anakhala pansi pafupi ndi mpandowo.

"Tata, tsiku lija sindinamalize. Theka lopitirira lija, ena amakhala zaka zambirimbiri. Nambala imeneyo sinena za munthu mmodzi. Inu ndinu amphamvu, mankhwala mwayamba msanga..."

"Wandiphunzitsa kale, mwana wanga. Phunziro limodzi landikwana."

Zimene Smaranda ananenazo zinali zoona, monga zinalili zoyamba zija, koma izi palibe anazigwira. Buku lija analitseka. Akalitsegula ankangoona mbale ya msuzi. Anauza mayi ake kuti mayeso salemba.

M'mawa wa tsiku la mayeso, mu Meyi, anadzidzimuka ndi hutala. Bambo ake anali m'galimoto pabwalo, atavala jekete la kutchalitchi limene tsopano linkawakhwepa m'mapewa.

"Mayeso ali ku Cluj, ndipo mzindawo subwera kuno," anatero atatsitsa galasi. "Kwera."

Anayenda mtunda wautali. Mitengo ya mapulamu m'mbali mwa msewu inali itayoyola kale maluwa. A Anghel ankatsokomolera m'kampango, dzanja lina lili pa chiwongolero.

"Kodi mayesowa amafunsa zotani?"

"Zosiyanasiyana. Amakupatsa manambala, iwe unene chimene akutanthauza."

"Ndiye wakhoza kale. Akakufunsa za ine uwauze zoona, usawanyengerere."

Smaranda anayamba kulira, kulira koipa kotuluka ndi mamina. Bambo ake anapatukira pambali pa msewu n'kuzimitsa injini. Anadikira.

"Sindinakwiye ndi iwe," anatero. "Ndinakwiya ndi theka lija. Koma ilo lilibe nkhope, ndiye ndimapezeka ndikuyang'ana iwe. Ndikudziwa kuti si bwino. Ndayesa kusiya, zikukanika." Analizanso galimoto. "Pukuta m'maso, angaganize kuti ndakumenya."

Mayeso ankalembera pasukulu ina ya ana a anthu olemera, m'holo yonunkhira polishi. Funso lina linali la mankhwala atsopano amene anayesedwa pa magulu awiri a odwala. Smaranda anakhala chogwira cholembera kwa kanthawi, kenako dzanja linayamba lokha. Funsolo linali lophweka. Onse anali ophweka, ngakhale anali atatha milungu osawerenga, ndipo zimenezi zinamuchititsa manyazi kuposa kulephera.

Atatuluka anapeza bambo ake atagona m'galimoto, mutu uli pa galasi, kukamwa kuli yasa. Sanagogode. Anaima pamenepo kuyang'ana chifuwa chawo mpaka anachiona chikukwera.

Zotsatira zinatuluka mu Julaye, a Anghel ali kale m'chipatala. Smaranda anapeza malikisi apamwamba kwambiri. Bambowo anauza wodi yonse, anamwino ndi odwala omwe, mpaka wina wa pabedi loyandikana anawapempha kuti apumeko. A Anghel anamwalira mu Novembala, chipale chofewa cha m'chisanu chisanayambe kugwa.

Nkhani ya Lamlungu lija a Tudora sanaitchulenso. Chaka chotsatira koleji ina ya kunja inamutenga Smaranda, koma iye anati akhala, akaphunzira pafupi, aziwathandiza pakhomo.

"Ukufuna kundithandiza kapena ukufuna kudzilanga?" anafunsa mayi ake akusita.

Smaranda anatola malaya ositidwa n'kuyamba kuwapinda.

"Upite. Kukhala pano sikubweza mawu m'kamwa."

A Tudora anazimitsa simbi, n'kukwera pa mpando kutsitsa sutikesi imene inali pamwamba pa kabati. Inali mbuu ndi fumbi. Anamuponyera kansanza.