Boti la a Chiwiri

Injiniyo inali lende pa tcheni, ikugwedezeka pang'onopang'ono pamwamba pa boti, pamene mayi wamasiyeyo anakankha chitseko cha shedi ndi phewa. M'manja anali ndi thireyi ya tiyi yemwe palibe anaitanitsa. Tiyiyo anali chonamizira chabe. Chinamutulutsa m'nyumba ndi phokoso la tcheni, lomwe sanayembekezere kulimva maluwa a pamanda a mwamuna wake asanafote n'komwe.

"Tsitsa pang'ono," anatero alamu ake, mng'ono wa malemu, ataima kumbuyo kwa boti manja ali m'chiuno. "Pang'ono, iwe. Si thumba la simenti limeneli."

Wokoka tcheni anali mwana wa mayiyo, mmodzi yekhayo amene anali naye. Anali bambo wandevu zake kale, mkazi wake ali woyembekezera m'nyumbamo, koma m'mawa umenewo anavala ovolosi ya bambo ake yomukulira m'mapewa, ndipo mayiyo anamuona ngati kamwana kobera zovala za akuluakulu. Sanacheuke. Khosi lake lokha linasonyeza kuti wamva kuti amayi ake alowa.

Botilo malemu analipanga ndi manja awo, n'kulitcha Nthenga. Linali boti la mpikisano, lalitali, lopyapyala, lopepuka moti amuna awiri ankalinyamula akucheza. Munthu uja kupepuka ankakukonda mochititsa manyazi. Ankapala mabawuti, ankaboola mpando timabowo, ndipo tsiku la mpikisano ankakhuthula m'matumba mpaka kampango kominira. Lero pa thabwa lakumbuyo, pomwe pankakhala kainjini kake kakang'ono, pankatsikira chinjini chakuda chomwe amuna anayi anatuluka nacho thukuta pochitsitsa mu lole ya alamu.

Tcheni itakhwefuka, thabwalo linalira kuti tswa. Mphuno ya boti inadzuka pa ngolo yake n'kutsala m'malere.

"Mwamva?" anafunsa mayiyo.

"Likukhazikika limenelo, alamu," anatero mng'ono wa malemu. "Chatsopano chilichonse chimalira."

"Sindikufunsa inu. Iwe, wamva?"

"Ndamva, Amayi."

Mawu amenewo anamulasa mayiyo pamtima, chifukwa ndi omwewo amene bambo a mwanayo anamuyankha kalekale. Anaika thireyi pa kabedi kachikasu ka mwana, komwe kanakhala pakona ya shedi zaka zambiri katadzaza majekete oyandama pamadzi. Kabediko kanapendekeka monga mwa chizolowezi chake, tiyi n'kutayikira m'sosala. Anakapanga ndi malemu omwewo, mwendo umodzi waufupi. Munthu wopanga boti loongoka ngati muvi analephera kufananiza miyendo inayi, ndipo nthawi zonse akanyozedwa ankangoti pansi ndi pamene pali pokhota.

"Loweruka sukwera chimenechi," anatero mayiyo.

"Loweruka ndikwera. Anena kale kuti mpikisano wa Loweruka ndi wokumbukira bambo."

"Akumbukire ndi pakamwa. Pakamwa pawo paja m'pakuthwa kale."

Mwanayo anasiya tcheni. Onse atatu ankadziwa pakamwa pomwe akunena. Kudamu kuja, komwe maboti amathamangitsana, malemu sankadziwika ndi dzina lina koma a Chiwiri. Zaka zoposa makumi awiri ankanyamuka bwino, kukhota bwino kuposa wina aliyense, koma ikafika mbali yoongoka yomaliza, wina ankawadutsa. Achiwiri, achiwiri, mwina achitatu, kenako achiwiri. Iwo ankaseka nawo, dzinalo n'kulilemba okha pa chipewa. Mwana wawo, yemwe anthu anayamba kumutcha Kachiwiri asanamere mano onse, sankaseka. Ndiye pamaliro, bokosi likutsika, mmodzi wa anzawo a mpikisano ananong'oneza mnzake kuti, "Koma ulendo uno a Chiwiri atitsogolera." Sanalankhule ndi mtima woipa, misozi inali m'masaya. Koma mwanayo anamva, ndipo kuyambira pamenepo sanadye bwino.

"Anthu aja anawaseka bambo moyo wawo wonse," anatero mwanayo tsopano. "Boti ili silinalakwe. Dzanja la bambo silinalakwe. Kainjini kaja ndiko kankawaphera ufulu. Ndinawauza kangati kuti tikasinthe? Ankangoti kakukwana. Kamodzi kokha, Amayi, Nthenga ifike yoyamba. Kenako mukafuna muiotche."

"Dzina la banja limeneli, alamu," anawonjezera mng'ono wa malemu. "Achimwene anali ofatsa mopyola. Injini ndapereka ine ndi mtima umodzi. Mwanayu asiyeni awapukute misozi bambo ake."

"Alamu, botili mwalikwerapo kangati?"

"Nkhani si imeneyo."

"Inu amene mumasamba m'bafa mutagwira khoma? Loweruka mudzakhala kumtunda, pamthunzi, botolo lili m'manja. M'madzimo mudzakhala mwana wanga."

Alamuwo anaseka kuseka kopanda mano, n'kutola kapu ya tiyi. Mayiyo sanawaone ngati munthu woipa. Ankawaona ngati munthu amene chisoni chamusowetsa chochita, ndiye wagwira chomwe amadziwa, kugula ndi kugulitsa mainjini. Koma munthu wotero amapha mnzake akumufunira zabwino.

Anatembenukira mwana wake. Za maboti sanaziphunzire, koma anakhala nazo m'nyumba mpaka zinamulowa. "Taona mmene lakhalira. Lisanakhudze madzi ladzutsa kale mphuno. Ukaponda moto, mphepo ilowa pansi apa, ndipo boti lopepuka chonchi silifunsa, limangouluka n'kugwa chagada. Ukachotsa phazi mwadzidzidzi, funde lako lomwe likupeza kumbuyo n'kulowa. Thabwa ili analipangira kainjini kaja, osati chimenechi. Ine ndinaziona ndi maso anga, iwe uli m'mimba."

Anazionadi. Linali boti lomweli, likadali latsopano. A Chiwiri, omwe nthawi imeneyo anali asanakhale a Chiwiri, anali patsogolo pa onse pamene Nthenga inaima chilili pamadzi n'kutembenuzika. Anawavuula nthiti zitathyoka, iwo akuseka. Mwana atabadwa, mayiyo anawaikira khandalo m'manja n'kuwauza kuti asankhe. Iwo analiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Ndamva." Nthiti zitapola anakonza boti n'kubwerera kudamu. Kuyambira tsiku limenelo mayiyo sanapondeko kumpikisano, ndipo kunena zoona sanawakhululukire. Anawakonda, anawaphikira, anawasamala m'matenda awo mpaka tsiku lomaliza, koma kamwala kameneko kanali mumtima, ndipo anapita nako kumanda n'kubwera nako.

"Zimenezo taziganizira kale," anatero mwanayo, mawu ali pansi. "Thanki ya mafuta ndi batire tizisunthira kutsogolo. Mpando nawo upita kutsogolo. Mphuno itsika."

"Nanga thabwalo?"

"Tilimanga ndi zitsulo."

"Ndiye likhala Nthenga limenelo?"

Mwanayo anatola sipanala n'kukwera m'boti.

Mayiyo akanatha kutuluka. Akanatha kukaitana mpongozi wake kuti adzaime pakhomo ndi mimba yakeyo, koma anadziwa kuti zimenezo anaziyesa kale iye mwini ndipo sizinagwire. Anakhala pa chigubu chopanda kanthu, manja pamiyendo. Anaona batire likutuluka, thanki ikutuluka, mpando wobowokabowoka uja ukuperekedwa kwa alamu. Mpando ukasuntha, chopondera moto nachonso chimayenera kusuntha, apo ayi bondo lifika pachibwano. Mwanayo anagona chamimba, mutu n'kulowa pansi pa chiwongolero, pomwe bambo ake sankalola munthu kugwirapo. Anachotsa labala wophimba pansi. Sipanala inalira kangapo, kenako inasiya.

Panapita kanthawi miyendo yake yokha ikuoneka, osagwedezeka.

"Bawuti yakana?" anafunsa alamu. "Ithire mafuta."

"Bambo aang'ono, tandipatsani sikuludiraiva."

Atatuluka, nkhope yake inali ina. M'dzanja munali kathabwa kolimba, kotalika ngati chala chachikulu, kokhala ndi mabowo awiri a sikuluwu. Pamwamba pake panali polowa, posalala ngati pa supuni, pomwe chitsulo cha chopondera chinakhala chikugunda.

"Kanali pansi pa chopondera," anatero. "Chopondera sichimafika pansi. Chimathera apa." Anasonyeza ndi zala mpata womwe unkatsala. "Ine masiku amene ankandibwereka botili ndinkayesa m'pamene moto umathera."

Alamuwo anakatenga, kukatembenuza uku ndi uku. "Wina anawachita chipongwe achimwene. Ndikudziwa ndi ndani. Anthu aja..."

"Masikuluwu ake ndi opala," anatero mwanayo. "Ndani wina amapala masikuluwu?"

Mwanayo anayang'ana kainjini kakang'ono kaja, komwe anakagoneka pa matayala akale m'mbali mwa khoma ngati chinthu chotha ntchito. Sikankalephera. Mbali yoongoka yomaliza ija, anzawo akamawadutsa, a Chiwiri ankakhala ndi moto wotsala pansi pa phazi, ndipo anautsekera okha. Polowa paja panasonyeza kuti phazilo silinkagonja mwaulemu. Linkaponda ndi mphamvu zonse, Loweruka ndi Loweruka, pa kathabwa komwe mwini phazi anamangapo.

"Koma chifukwa chiyani?" anafunsa alamu. "Munthu n'kumadzimana yekha chikho zaka zonsezi?"

"Tabweretsani," anatero mayiyo.

Anakalandira ndi manja awiri. Mafuta ndi fumbi zinakadetsa, koma atakapukuta ndi nsonga ya nsalu yake, m'mbali munatuluka utoto wachikasu. Anaimirira. Anayenda mpaka pakona, n'kuchotsa thireyi pa kabedi kaja, n'kugwada. Anatukula mwendo waufupi uja ndi kulowetsa kathabwako pansi pake. Kanalowa ndendende, mzere wa sowo kukumana ndi mzere wa sowo. Anakankha kabediko ndi dzanja. Kwa nthawi yoyamba chibadwire mwana wake, sikanagwedere.

Pamenepo ndi pomwe analira. Pamaliro analira monga mkazi amalirira mwamuna wake, koma uku kunali kulira kwina, kwaukali ndi manyazi pamodzi. Munthu uja anamva. Anamva tsiku lomwe lija anamuikira khanda m'manja, ndipo m'malo monena, analola kutchedwa a Chiwiri ndi dziko lonse, n'kulolanso kunyozedwa m'nyumba mwake kuti sadziwa kupanga bedi.

"Bambo ako anali munthu wopusa," anatero akupukuta m'maso. "Akanangondiuza."

"Mukanawalola kupitiriza?"

"Ayi."

"Ndiye ankakudziwani."

Alamuwo anatsokomola. Anayang'ana chinjini chawo, kenako mphuno ya boti ili m'malere. "Komabe, mwanawe, taganiza. Popanda kathabwako, ndi injini iyi, palibe angakuone n'komwe."

Mawu onse a mayiyo anali atatha, ndipo anadziwa kuti akawonjezera limodzi awononga. Anangokhala chogwada, dzanja lili pa kabedi, akumvetsera. Anamva mapazi a mwana wake akuzungulira boti. Anamva sipanala ikumasula mabawuti a kumbuyo, imodzi ndi imodzi. Kenako tcheni inayamba kulira, ndipo thabwa lakumbuyo linapuma. Mphuno ya Nthenga inatsika n'kukhala pa ngolo yake.

"Bambo aang'ono, mundithandize kubweza kainjini kaja. Yanuyi zikomo, koma ipite."

"Ndiye Loweruka?"

"Loweruka ndikwera."

Mayiyo anakumbukira ngozi ija. Kainjini kakang'ono komweko, kopanda choletsa, ndiko kanatembenuza botilo kalelo. Mapazi aja anabwera n'kuima pambuyo pake. Atatukula mutu anaona dzanja lakuda ndi girisi litatambasulidwa, masikuluwu awiri opala ali pachikhatho.

"Bweretsani, Amayi. Malo ake si amenewo."

Mayiyo anatukula mwendo wa kabedi, n'kusolola kathabwako, n'kumupatsa. Mwanayo anapititsa chala chake polowa paja, n'kukwera m'boti.

Mayiyo anatola thireyi. Pofuna kudzuka anatsamira kabediko, ndipo kanapendekeka monga kale. Mdzukulu akubwerayo adzagona momwemo. Anakagwedeza kachiwiri ndi dzanja, mwadala, n'kukasiya choncho.