Alendo a M'matumbo

Mayi wina wosoka makatani anali ndi chithokomiro chaulesi. Adokotala ndiwo anachitcha choncho, ndipo iye anakhumudwa, chifukwa chibadwire palibe anamunenapo ulesi. Koma zinali zoona. Ankamva kuzizira dzuwa likuswa mtengo, tsitsi linkatsalira m'chipeso, ndipo tulo tinkamuba phazi lili pa makina.

Tulo timeneti ndi tomwe tinamulanda mdzukulu. Tsiku lina mwana wake wamkazi anamusiyira kamwanako, iye n'kusinza pampando, kamwana n'kukwawa mpaka kumsewu. Anakatola ndi munthu wodutsa pa njinga. Kuyambira pamenepo, akafunsa za mdzukulu, yankho linali limodzi: "Amayi, muyambe mwachira kaye."

Mapiritsi ankamwa osadumphitsa, koma akakayezetsa magazi sipankaoneka kusintha. Adokotala, mtsikana wa magalasi wolankhula mothamanga, anati mwina vuto lili m'mimba, popeza tizilombo ta m'matumbo timakhudza momwe mankhwala amalowera m'thupi. Mayiyo pa zonsezo anatolapo liwu limodzi, tizilombo. Munthu waukhondo ngati iye, wokolopa ndi kunsi kwa kabati komwe, asunge tizilombo? Anakagula makapisozi ophera tizilombo n'kumwa masabata awiri athunthu.

Atabwerera kuchipatala ali lefu ndi kutsegula m'mimba, adokotala anagwira mutu.

"Mayi, sindinanene kuti muphe tizilomboto! Tambiri ndi tabwino. Timathandiza kugaya chakudya, ndipo chithokomiro chimadalira zomwe matumbo alowetsa. Kodi m'mawa mumadya chiyani?"

"Tiyi ndi buledi."

"Masana?"

"Tiyi ndi buledi. Ndiphikire ndani, mwanangu?"

Adokotala anavula magalasi, n'kuyamba kulankhula pang'onopang'ono.

"Muziphikira tomweto. Muli ndi alendo m'mimbamo, ochuluka kuposa anthu a m'tauni muno. Amakonda masamba, nyemba, zipatso. Ndipo piritsi muzimwera madzi. Tiyi wamkakayo azidikira kaye ola."

Alendo! Mayiyo anaseka yekha njira yonse. Koma atafika kunyumba anatsitsa miphika yomwe inali pamwamba pa kabati chimwalirire mwamuna wake, n'kuitsuka fumbi. Nyumba inayambanso kununkhira anyezi. Mimba ikalira ali pa makina, ankaisisita.

"Ndamva, ndamva. Ndimalize mpendero uwu."

Ankadziwa kuti ndi zopusa. Komabe patsiku lathunthu, nthawi zambiri mawu amenewo ndi okhawo omwe ankatuluka pakamwa pake.

Patatha miyezi itatu, adokotala anayang'ana pepala la zotsatira n'kumwetulira. Mayiyo anaimba foni asanatuluke n'komwe pageti, n'kuwerengera mwana wake manambala omwe iye mwini sankawamvetsa. Anagwirizana kuti Loweruka mwana wakeyo abwera ndi mdzukulu uja.

Lachisanu anapempha kalipentala kuti akhome thabwa lopingasa pakhomo, lofika m'mawondo, loti kamwana sikangakwere. Loweruka anaphika nyemba mpaka kufewa, anasenda mapapaya, n'kuyala mbale zitatu, ina yaing'ono yapulasitiki ndi kasupuni kake. Sanakhale pampando ngakhale pang'ono, kuopa kuti angamupeze atatsinzina.

Foni inalira chakudya chitayamba kuzizira.

"Amayi, tinavala kale, tinafika mpaka pokwerera basi." Mwana wakeyo ankalira. "Koma ndikaganiza za msewu uja, miyendo ikukana. Ndikudziwa kuti mwachira. Ine ndiye sindinachire."

Mayiyo anafuna kunena za thabwa. M'malo mwake anangoti:

"Palibe kanthu, mwanangu. Umupsompsone."

Anaima nthawi yaitali akuyang'ana khomo lotsegula, ndipo kusungulumwa kunamupweteka ngati dzino. Njala analibe. Koma mimba inalira, monga mwa nthawi zonse. Anakhala pansi, anapakulira nyemba m'kambale kapulasitiki kaja, n'kutenga kasupuni.

"Idyani," anatero, dzanja lili pamimba. "Inunso ndinatsala pang'ono kukuphani, koma munabwerera."