Mbuzi ya Alamu a ku Dedza

Lemani anapha mbuzi Lachisanu, tsiku limene alamu ake analonjeza kufika kuchokera ku Dedza kudzamumeta maliro a mkazi wake, Filesi. Basi ya ku Banket inaimadi pachipata cha famu ya fodya imene Lemani ankagwirako ntchito kudziko la eni, koma panatsika mayi mmodzi yekha ndi nkhuku zake.

Jasten, amene ankasunga makiyi a zipinda za nyama za bwana, anavomera kubisa mbuziyo kuseri kwa nyama ya ng'ombe.

"Ndiike kuti, achimwene? Chipinda chozizira chimasunga masiku asanu okha. Cha ayezi, ngakhale miyezi."

"Chozizira," anatero Lemani.

"Anthu akwathu mukuwadziwa inu. Akati mawa, ndiye kuti akakolola."

"Chozizira."

Kuiika mu ayezi kunali kuvomera kuti alamuwo sabwera msanga, ndipo iye akhalabe ndi tsitsi la maliro, kumadya yekha pakhonde anzake ali ku gule. M'mawa uliwonse ankaima pamsewu mpaka fumbi la basi litatha, kenako n'kupita kukasankha fodya.

Atatha masiku asanu, Jasten anamuitana. Ananunkhiza mwendo wa mbuziyo, n'kuyang'ana Lemani. Lemani anaisenza yekha paphewa n'kulowa nayo m'chipinda cha ayezi. Ataikoleka, anangoima momwemo, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi.

"Tulukani, achimwene, mungaume nanunso," anatero Jasten ali pakhomo.

Lemani anatuluka, nakankha yekha chitseko cholemeracho mpaka chinatsekeka. Anatsitsa chipewa chake kuti chiphimbe tsitsi, n'kubwerera ku fodya.