Mpweya wa m'Thanki ya Hosea

Makina opopa madzi a pachitsime analira, n'kuduka, n'kuliranso. Mainess ankawamva ali pamphasa ya masiye. Mwamuna wake Hosea, yemwe ankayang'anira chitsime cha mwini malo ku Kalingalinga, anapuma chomwecho tsiku lomwe anamwalira: pang'ono, zii, pang'ono.

Anthu a pamaliro analeka kutungako. Ankati malemu sanachoke.

Mainess ankalidziwa vutolo, poti Hosea ankalinena mpaka kutopetsa. Thanki yachitsulo ija imafuna mpweya pamwamba pa madzi. Mpweya ukatha, madzi amadzaza, makina n'kumangoyaka ndi kuzima mpaka kupsa. Akapsa, mwini malo apereka nyumba yomwe ankakhalamo kwa wantchito wina, Mainess ndi ana panja.

Anapempha mlamu wake Whyson, wochokera ku Fort Jameson, kuti akakhuthule thankiyo. Whyson anati sangakalimbane ndi mkulu wake. Anawonjezera kuti naye asayerekeze, namfedwa wosametedwa sakhudza madzi a anthu.

"Manje bana aba muzabasunga ndimwe, mulamu?" anafunsa Mainess.

Whyson anayang'ana nsapato zake.

Dzuwa lili paliwombo, Mainess anapita yekha. Anazima makina, otentha ngati simbi. Anagogoda thanki kuyambira pansi mpaka pamwamba, paliponse du, du, ngati chifuwa chodzaza. Atachotsa dzanja, mkatimo munagogoda kamodzi.

Anadikira. Ngakhale nkhuku sizinkamveka.

"Ngati ndimwe, pumulani," anatero. "Nilibe nthawi."

Anamasula kachitseko kapamwamba, n'kutsegula pang'ono mpopi wapansi. Thanki inakoka mpweya ndi mluzu wautali. Koma madzi sanatayike pansi. Analowa m'kapaipi kakale kokwiriridwa theka, kolowera ku mpanda wa minga. Zaka zonsezi sanakaonepo.

Anakatsata, n'kusuzumira. Kuseri kunali azimayi ophwanya miyala, aja mwini malo anawaletsa kuponda pachitsime. Anali atandanda chete ndi zitini zawo, milomo itayera fumbi. Wakutsogolo anagwada, natchera chitini kukamwa kwa paipi.

"Ba Hosea bakazimya makina, tenze kuziba kuti manzi yabwela," anatero osadzutsa mutu.

Mainess anayang'ana mzerewo mpaka pomwe unathera. Anamanga bwino chitenje, nabwerera kuthanki, n'kutsegula mpopi wonse.