Nsomba ya Tchizi Pakhomo la Khitchini

Lachitatu m'mawa mbale ya phala inabwerera kukhitchini monga momwe inapitira, supuni ili chiimire pakati. Tinevimbo anaiyang'ana pang'ono n'kuikhazika pasinki. Linali tsiku lachinayi apongozi ake aakazi, a Maliya, akukana chakudya.

Chitulukire m'chipatala ndi nthenda yothamanga magazi, a Maliya anauzidwa kuti achepetse mchere ndipo zokazinga m'mafuta asiye. Iwo anamva ngati awauza kuti asiye kudya kumene. Tinevimbo anayesa phala, anayesa mbatata yophwanya, anayesa msuzi wa nkhuku wosefa. Chilichonse ankachinunkhiza n'kutembenukira kukhoma. Dzulo lake nesi wa kukiliniki anali atabwera, n'kuwatsina khungu la padzanja, khungulo n'kuchedwa kubwerera.

"Mapiritsi awa samwera m'mimba mopanda kanthu," anatero nesiyo. "Ndikadzabwera Lachisanu n'kupeza sanadyebe, tibwerera nawo kuwodi."

Kuwodiko n'kumene a Maliya analumbira kuti sadzagonakonso, poti n'kumene anamwalirira mkulu wawo Felista chaka chatha.

Tinevimbo anali atangotha miyezi isanu ndi iwiri pabanja lolankhula Chichewa ili, m'komboni ya Unit C muno. Mwamuna wake Trymore ankayendetsa lole ya ku Beira, ndipo ulendo uno anali asanabwere. Tinevimboyo anali mwana wa komboni ya Zengeza 4, wa Chishona. Chichewa ankachimva bwino, koma poyankha lilime linkathawira kwawo. Usinkhu wake unali wochepa, mawu akenso ochepa, koma ankadziwa zimene amayi ankanena pamjigo: kwa a Kaitano kunabwera mtengwa wolephera kudyetsa wodwala.

Ali chiimire pasinkipo anamva kutsokomola panja pa chitseko cha kuseri.

"Apongozi."

Anali a Kaitano, bambo ake a Trymore. Anaima cham'mbali, nkhope atalozetsa kumtengo wa mapeyala, monga mwa ulemu wa chipongozi. Chibwerere Tinevimbo, awiriwa anali asanakhalepo m'chipinda chimodzi okhaokha. Akakumana m'kanjira ka m'nyumba wina ankabwerera. Chakudya ankawatulira atagwada, maso ali pansi, iwo n'kuomba m'manja kawiri, nkhani yathera pomwepo.

Tinevimbo anagwada msanga. "Ehoi, Baba."

"Magetsi alipo?"

"Aenda kuseni, Baba." Magetsiwo anali atapita m'mamawa ndithu.

"Asabwere. Makala ndiye samanama."

Anatula jumbo pakhomo penipeni n'kuikankha ndi ndodo kuti ilowe. Munali nsomba ya heki zidutswa zinayi, yoyera mnofu, yopanda minga, yolimba gwa ndi kuzizira kwa mufiriji. Munalinso kachidutswa ka tchizi ndi mandimu awiri. Munthu wa bondo lotupa uja anali atayenda wapansi mpaka kumasitolo a ku Makoni n'kubwerera, osauza aliyense.

"Buledi wa dzana uja musataye," anatero. "Ndipo mundibwereke manja anu. Angawa anakalamba." Anawatambasula kuti awaone. Ankanjenjemera ngati masamba a nthochi.

Tinevimbo ankadziwa kuti a Kaitano anagwira ukhukhi kumayadi a ku Highlands zaka makumi atatu, koma anali asanawaonepo akuwiritsa ngakhale madzi a tiyi. Chifukwa chake anamuuza ndi Trymore. Mu 1981, ukwati uli wauwisi, a Kaitano anaphika Lamlungu lina kuti mkazi wawo apume. Pofika Lolemba amayi a mumzere wa nyumba zawo anali akuseka kuti Maliya wakwatiwa ndi mkazi mnzake. A Maliya anabwera kunyumba maso ali psuu, natenga mthiko, nalemba mzere pakhomo la khitchini. "Kumayadi ndinu khukhi, kuno ndinu mwamuna wanga. Phazi lanu lisadutse apa." Ndipo silinadutsepo.

Leronso silinadutse. A Kaitano anakoka kireti ya zakumwa, naigadabuza panja, nakhala. Tinevimbo anakokera katebulo pafupi ndi chitseko, mkati. Pakati pawo panali mzere uja, wosaoneka koma wamoyo.

"Choyamba iikeni m'madzi ozizira. Otentha ayi, ingapse kunja mkati muli mwala."

Podikira kuti nsomba ifewe, anamuuza ayatse mbaula, adule bulediyo mopyapyala, amuyanike palata pamwamba pa moto wochepa mpaka aume. Kenako anamuuza amukulunge m'kansalu n'kumupera ndi botolo. Atatha, Tinevimbo anaonetsa nyenyeswazo m'mbale, mkono atautambasulira panja. A Kaitano anatapa pang'ono n'kufikisa pakati pa zala.

"Zakwana. Mukapitiriza ukhala ufa, ndipo ufa sulira."

Tinevimbo sanamvetse za kulirako, koma kufunsa anachita manyazi.

Kenako a Kaitano anatulutsa m'thumba la jekete chitini cha jamu chobowolabowola ndi msomali. Apa m'pamene mtsikanayo anazindikira kugogoda kumene anamva kuseri dzuwa likutuluka. Mabowo ake anali m'mizere yowongoka ngati ya m'kope la kusukulu. Manja onjenjemera aja anatha bwanji? Tinevimbo anapala tchizi pachitinicho, tchizi n'kumagwa tizingwe ting'onoting'ono. Anapalanso khungu la ndimu, lachikasu lokhalo, poti loyera la mkati a Kaitano anati limawawa ngati mawu a mlamu.

"Tsopano nsomba. Ipukuteni ndi nsalu yoyera."

Anapukuta.

"Pukutaninso."

Anapukutanso.

"Kachitatu, apongozi. Yakhala m'madzi moyo wake wonse. Ikapita nawonso kumoto, tiphika phala lina, ndipo phala mwaona kale mmene likubwerera."

Tinevimbo anaseka mosafuna, nabisa pakamwa ndi phewa. Kenako mtima unamulimba pang'ono, nafunsa m'Chishona chake ngati wodwala angathe chakudya cholimba chonchi. Kodi odwala sapatsidwa zofewa?

A Kaitano anayang'ana nkhuku ya eni ake imene inkapalasa pafupi ndi mpanda.

"Simunalakwe," anatero. "Odwala ambiri ndi choncho. Koma amake Trymore sadya ndi lilime. Amadya ndi makutu. Mwaonapo chimene amayamba kutola mukapakula? Nkhoko za pansi pa poto. Maputi, chimanga chokazinga, mitu ya matemba. Chakudya chikapanda kulira m'kamwa, kwa iwo si chakudya. Masiku anayi ano m'kamwa mwawo muli zii ngati kumanda."

Tinevimbo anaima, nsalu ili m'manja. Zinali zoona. Kangati anawapeza apongozi ake akukokota poto ndi supuni, akumwetulira okha? Anaziona zonsezo koma sanaziwerenge. Mkulu uyu, wokhala pansi pa mtengo tsiku lonse ngati sakuona kanthu, anali ataziwerenga zaka makumi anayi.

"Ndiye lero tiwaphikira nkhoko," anapitiriza a Kaitano, "koma nkhoko ya pamwamba. Nsomba ibisale pansi pake."

Manja awiri a nyenyeswa, dzanja limodzi la tchizi, khungu la ndimu, tsabola wakuda pang'ono, ndi majarini wongokwana pansonga ya supuni. Mchere ayi. "Tchizi ali ndi wake, ndipo tamuika wochepa. Nesi sangatimange." Anamuuza asakanize ndi nsonga za zala zokha, poti chikhatho n'chotentha, chingasungunule majarini nthawi isanakwane. Tinevimbo anafinyira ndimu pansomba, naiyala m'poto wachitsulo wopakidwa mafuta pang'ono, nathira zosakanizazo pamwamba.

"Sindikizani, koma ngati mukugoneka khanda."

Poto atatuluka panja, ntchito inasanduka ya a Kaitano. Anachotsa makala ambiri m'mbaula n'kusiya owerengeka. Otsalawo anawasanja pachivundikiro ndi kawaya, mmodzimmodzi, m'mbali mochuluka, pakati mochepa, monga amachitira amayi pophika chigumu. Kenako anaika kuseri kwa dzanja pamwamba pa makalawo, milomo ikuwerenga chamumtima, nachotsapo awiri. Tinevimbo anaona chinthu chimene sanachiiwale: atangogwira kawayako, kunjenjemera kuja kunachepa, ngati manjawo akumbukira kwawo.

Fungo litayamba kuyenda, pamwamba pa mpanda panatulukira duku, kenako nkhope ya Mai Muriel a nyumba yoyandikana, amene makolo awo anachokera ku Chipata.

"Hezvo, taonani! Asekuru, agogo athu, alowa m'khitchini! Mvula igwa lero."

"Yang'anani bwino mapazi anga, mayi," anayankha a Kaitano osatembenuka. "Ali panja."

"Nanga mukuphika chiyani chonunkhira ngati kuhotela? Tiitaneni, ife ndife odwalanso."

"Matenda anu ndi a pakamwa. Amenewo mankhwala ake n'kutseka."

Mai Muriel anaseka mpaka duku linasunthika, natsika akunena kuti akauza mzere wonse. A Kaitano anangoti, "Kauzeni. Amene ankaseka kale aja ambiri anagona, ine ndikadali pano."

Tinevimbo anatambasula dzanja kuti asuzumire m'poto.

"Ayi. Mukatsegula, moto uthawa. Mvetserani."

Anamvetsera. Poyamba munkamveka kuwira kwa timadzi, kenako kunachepa, n'kuyamba kuthetheka kouma, kwapansipansi. A Kaitano anatseka maso, nakoka mpweya ndi mphuno kawiri. Anadikira pang'ono. Kenako anakola chivundikiro ndi kawaya, nachinyamula mosamala osagwetsa phulusa ngakhale pang'ono.

Pamwamba pa nsomba panali pofiirira ngati ngumbi zokazinga, m'mbalimbali tchizi atachita timatuza. Anapempha foloko, naikhukhuza pamwambapo. Khwaa!

"Mwamva? Yalira." Kwa nthawi yoyamba chibwerere Tinevimbo, anamuyang'ana kumaso, kanthawi kochepa chabe, n'kubwezanso maso kumtengo. "Tsopano mverani. Mukalowa musawapemphe. Musanene kuti idyani. Masiku anayi mwawapempha, akhuta kupemphedwa. Mukhale pafupi ndi bedi, mudye inuyo."

"Ini, Baba? Pamberi pavo?" Iye, kudya pamaso pa apongozi odwala, osawapatsa?

"Inuyo. Ndipo mutafune ngati mulibe mwambo. Mlandu wake ndi wanga."

M'chipinda munali fungo la mafuta opaka ndi makatani otseka. A Maliya anagona chopenya kukhoma, mapewa atatuluka m'bulangete ngati zogwirira za dengu. Tinevimbo anakhala pamkeka, mbale pamiyendo. Anakhukhuza foloko. Khwaa. Anadula kachidutswa, nthunzi n'kutuluka, mnofu woyera n'kugawanika wokha m'timagawo. Anaika m'kamwa natafuna, nkhope ikumuyaka ndi manyazi. Kunja kunali kokhukhuta, mkati mofewa, ndimu akumveka patali.

Bulangete linagwedezeka.

Anadulanso kena, natafuna mokweza kuposa poyamba.

"Iwe." Mawu anali ouma. "Ukukukuta chiyani pamutu panga?"

"Hove, Amai. Nsomba."

"Nsomba yanji yolira ngati maputi?"

A Maliya anatembenuka pang'onopang'ono. Anayang'ana mbale, nayang'ana mtsikanayo. Kenako dzanja lowonda linatuluka, linabenthula kankhoko ka m'mbali, n'kubwerera. Tinevimbo anaika maso pansi, akumva kukukuta. Dzanja linabweranso. Ulendo wachitatu linatenga nkhoko pamodzi ndi mnofu wake.

"Ndikhazike tsonga. Ndipo bweretsa kuno mbaleyo, wadya zokwanira."

Anadya chidutswa chonse, mosafulumira, akutola ndi chala nyenyeswa zogwera pabulangete. Atayamba chachiwiri anaima, natafuna moganizira.

"Izi si za ku Zengeza. Kaitane madala."

Sipanafunike kuwaitana. A Kaitano anali atazungulira kukhomo la kumaso n'kuima kale pakhomo la chipinda, chipewa chili m'manja.

"Bambo a Trymore, ndinakuuzani chiyani ine?"

"Kuti phazi langa lisadutse."

"Ndiye?"

"Funsani apongozi anuwa."

A Maliya anatembenukira kwa Tinevimbo. Mtsikanayo anasanja mawu ake bwinobwino, onse m'Chichewa.

"Sanalowe, Amayi. Anakhala panja pakireti. Manja anali anga, nzeru zinali zawo."

"Imvani, mpaka Chichewa chatuluka," anatero a Maliya. Anabenthulanso nkhoko, naloza nayo amuna awo. "Ndiye zaka zonsezi azungu ankadya zimenezi, ine mukundionerera ndikulimbana ndi matemba?"

"Lamulo linali lanu, amake Trymore."

"Lamulo! Munthu wamkulu kumvera mthiko." Anatafuna, maso akunyezimira, koma sanalole kuti kumwetulira kutuluke konse. "Mwana iwe, patse madzi ndi timapiritsi ta nesi wako uja. Lachisanu adzandipeza ndili pakhonde, adzachite manyazi."

Tinevimbo anawerenga mapiritsi awiri m'chikhatho chawo, nawagwirira kapu mpaka anameza. A Kaitano anavala chipewa kuti azipita.

"Mawa muphikenso," anatero a Maliya kumbuyo kwawo.

"Ndilowe?"

"Ndani wanena zolowa? Panja pomwepo."

Masana amenewo, atatsuka poto, Tinevimbo anapukuta chitini cha jamu chija nachipachika pamsomali pamodzi ndi masupuni. Kireti sanaichotse pakhomo. Anangotenga kapilo ka pampando wa pabalaza n'kuikapo pamwamba.