Bwino Pang'ono

Rex anabwezera tepi ya vidiyo ya magemu athu kachinayi. Tinali m'kachipinda kosungiramo katundu wa timu ku Nechells, kuseri kwa fakitale ina yomwe inatsekedwa kalekale. Linali Lachinayi madzulo, mwezi wa June, chaka cha 1996.

"Taona, Deliwe," anatero m'Chingerezi chake cha ku Birmingham chomeza mawu. "Wagwetsanso. Kanayi m'magemu atatu."

Mpira wake si uwu timaudziwa kwathu. Ndi wa ku America, wooneka ngati papaya, ndipo amaugwira ndi manja. Pamakhala munthu mmodzi, amamutcha running back, amene amalandira mpirawo, kuukumbatira, n'kuthamanga nawo kukalowa pakati pa zimphona khumi ndi chimodzi zofuna kumufwafwantha. Misala yeniyeni. Running back wathu anali Patson Chimwaza wa ku Dedza, amene anabwera kudzaphunzira za uinjiniya n'kupeza ntchito pakampani ina yaing'ono kufupi ndi Longbridge. Mwa osewera atatu okha omwe timu inkawalipira, iye anali mmodzi.

Ine ndine physio. Mkati mwa sabata ndinkawongola miyendo ya nkhalamba pachipatala ku Nuneaton, Lachinayi ndi Lamlungu n'kumadzamanga mabandeji anyamata a Rex, yemwe anali kochi wathu.

Nkhani inali yakuti akomiti ankafuna Patson achotsedwe, alowe Daniel, mnyamata wobadwira ku Handsworth, wothamanga pang'ono kuposa kamba koma wosagwetsa mpira. Rex sankafuna. Lamlungu kunkabwera munthu wa timu yaikulu ya ku London kudzaona Patson yekhayo, mwayi womwe Patson anaudikira zaka zinayi.

"Undiuze pofika Lamlungu," anatero Rex. "Vuto lili m'thupi kapena m'mutu? Ngati ndi m'mutu, ndimukalipira basi, asewera."

Nthawi yomweyo Patson ankadutsa pakhomo, helimeti ali nayo kudzanja lamanja. Rex anamukuwira, kumufunsa kuti thupi lili bwanji.

"I am a bit fine, coach."

Rex anaseka n'kundimenya paphewa. "Wamva? Ali bwino."

Ine sindinaseke. Zimene Rex anamva ndi Chingerezi chopotoka cha munthu wakuda waulemu, koma ine ndinamva Chichewa chomwe chinabisala kunsi kwake: ndili bwino pang'ono. Mmalawi amene ali bwino amangoti ndili bwino, kaya inu. Akangowonjezera kuti pang'ono, yambani kufuna galimoto. Bambo anga, m'mawa wa tsiku lomwe anatisiya, ndinawafunsa kuti adzuka bwanji, iwo anati, "Ndadzuka pang'ono." Pofika masana tinali tikuimbira foni achibale.

Ndinapempha Rex abwezerenso tepi ija. Ulendo uno sindinayang'ane mpira, ndinayang'ana manja. Kanayi konseko mpira unkapulumuka kudzanja lamanzere, ndipo kanayi konseko Patson anali atangogundidwa kumene kumutu. Ndinangotola chikwama changa n'kutuluka.

Loweruka masana ndinapita kwa Patson, pafulati ya pamwamba penipeni m'chinyumba chachitali cha khonsolo. Anatsekula chitseko ndi Rabecca, mkazi wake, mimba ili kutsogolo. Patson anadzuka pampando kudzandipatsa moni, ndipo ndinaonera pomwepo. Mnyamata ameneyu analeredwa bwino. Zaka zonsezi, ngakhale pakati pa azungu, ankandipatsa moni dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, poti ndine wamkulu kwa iye. Tsiku limenelo anangotambasula dzanja limodzi, lamanzere lili lende m'mbali.

"Khalani pansi, achimwene. Tsinzinani."

"Achemwali, mwabwera kudzacheza kapena kudzagwira shift?"

"Tsinzinani, ndanena."

Ndinazula pini pachitenje chomwe Rabecca anayala pasofa n'kumubaya chala chachikulu chakumanja. Anadzidzimuka. Ndinabaya chakumanzere, kenaka chamkombaphala, kenaka pamkono mpaka kanatuluka kadontho ka magazi. Munthu ali phee, maso otsinzina, kudikira kuti ndiyambe.

"Tsekulani maso."

Anayang'ana kadontho kaja nthawi yaitali.

"Ndi dzanzi chabe," anatero. "Limabwera n'kupita."

"Linayamba liti?"

"Gemu ya ku Coventry."

Masabata atatu. Ndinamuuza mosapsatira kuti dzanzi limenelo silikuchokera m'dzanja ayi, likuchokera m'khosi, kuti pali china chikupanikiza mtsempha waukulu wa mumsana, ndipo wina akadzamugunda molakwika kamodzi kokha, adzagona pabwalo osadzadzukanso. Ndinamuuza za Martin, mnyamata wa rugby amene ndinkamutembenuza pabedi m'mawa uliwonse ku Nuneaton. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo ntchentche ikamutera pamphuno ankaitana nesi.

"Gemu imodzi yokha, achemwali. Mawa lokha. Lolemba ndipita ndekha kwa dokotala, ndikulumbira."

"Khosi silidziwa Lolemba."

"Patimu paja Amalawi tilipo awiri, inu ndi ine. Ndiye wondigwetsa mukhale inuyo? Mukudziwa zomwe anthu akanene kutchalitchi? Azikati Deliwe anamuchitira nsanje mwana wa kwawo, anamugulitsa kwa azungu."

Ankadziwa pobaya, kuposa ine ndi pini yanga. Mzinda uno ndi waukulu, koma Amalawi ake tonse timakwana m'holo imodzi yobwereka, ndipo ine ndinalibe wina aliyense kuno koma iwowo. Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinatsanzika tiyi ndisanamalize.

Rabecca anandiperekeza mpaka palifti. Chitseko chili pafupi kutsekeka, anachigwira ndi phazi.

"Sisi," ananong'ona, "sabata yachiwiri ino, mabatani a malaya ndikuwamangira ndine. Musanene kuti ndanena."

Ndikanakonda kukuuzani kuti Lamlungu ndinalawirira kwa Rex n'kumuuza zonse. Bodza. Atandifunsa pabwalo, anyamata akuvala, ndinayang'ana Patson, iye n'kundiyang'ana.

"Tiona mmene ayambire," ndinatero. Ine Deliwe, wa satifiketi ziwiri pakhoma, ndinayankha zopusa ngati zimenezo.

Wa ku London uja anakhala pabenchi lachitatu, jekete yabuluu, kabuku pamwendo. Wenzulo inalira. Ulendo woyamba Patson anathamanga bwino, anthu n'kukuwa. Ulendo wachiwiri anadutsa anthu atatu ngati aima. Ine sindinkaona zimenezo. Ndinkangoona kakhosi kake pakati pa helimeti ndi mapewa, kampata kosakwana zala zinayi, ndipo akagwa ndinkasiya kupuma mpaka adzuke.

Ulendo wachisanu, chimunthu china chinamudzera kumanzere, mutu ndi mutu. Phokoso lake linamveka mpaka kumsewu. Mpira unagubuduka wokha. Mulu wa anthu unaphwasuka, aliyense n'kudzuka, kupatula mmodzi.

Sindikumbuka kuthamanga kwake. Ndimangokumbuka nditagwada paudzu, nditagwira helimeti yake ndi manja onse kuti mutu usasunthe. Maso ake anali otsekula, akuyang'ana mitambo.

"Patson, gwedezani mapazi."

Palibe chinachitika. Ndinayang'anitsitsa nsapato zija, ndikuona nkhope ya Martin, ndikuona Rabecca ndi mimba yake akukankha njinga ya olumala m'lifti ija. Mulungu wanga, ndamupha ndine. Ndinawerenga mumtima mpaka pa seveni. Kenaka nsapato yakumanja inagwedezeka, yakumanzere n'kutsatira mochedwa.

"Mukumva bwanji?"

"Bwino pang'ono."

Ndisanamuletse anandikankha n'kudzuka, anthu n'kuwomba m'manja, zitsiru. Anayenda mpaka kunja kwa bwalo, navula helimeti ndi dzanja limodzi kuti amwe madzi, n'kuiika pansi. Ndinaitola. Ndinayenda nayo osatembenuka mpaka pomwe ndinaimika kagalimoto kanga, ndinaiponya m'buti, n'kukhoma. Kiyi ndinaika m'kamisolo, momwe munthu woleredwa ku Dedza sangapisemo dzanja.

Pobwerera ndinapeza akuzungulirazungulira, kufunsa anzake amene watenga helimeti yake. Ndinamudutsa n'kukaima pamaso pa Rex.

"Rex, Lachinayi lija sunamve zomwe ananena. Kwathu munthu akati ali bwino pang'ono ndiye kuti akudwala kwambiri. Dzanja lake lamanzere lafa dzanzi masabata atatu. Ndi khosi. Ndinadziwa dzulo ndipo sindinakuuze. Lowetsa Daniel, ndipo wina aimbire ambulansi."

Nkhope ya Rex inayera ngati pepala. Sanandikalipire nthawi imeneyo, anadzandikalipira Lachinayi lotsatira, ndipo ndinayenera. Anangotembenuka n'kukuwa dzina la Daniel.

Patson anandiyandikira mpaka ndinamva mpweya wake. Analankhula motsitsa, m'Chichewa, kuti asamve wina.

"Mwandipha, mayi inu."

Mayi inu. Uchemwali unathera pomwepo. Koma a ambulansi atabwera ndi kolala ndi thabwa lawo, anagona osalimbana nawo, ndipo ndikuganiza kuti masekondi seveni aja anamuopsa iyenso. Akumukweza, wa jekete yabuluu uja anali akulemba m'kabuku kake, maso ali pa Daniel.

Sikani inaonetsa zomwe ndinkaopa, kanthu kotumphuka pakati pa mafupa awiri a m'khosi, katatsamira mtsempha. Anamuchita opaleshoni Lachitatu. Dokotala anauza Rabecca kuti za mpira aiwale, ndipo za dzanja sangalonjeze. Kutchalitchi ananena zonse zomwe Patson analosera, n'kuwonjezera zawo. Ena anati ndinalandira kanthu kwa makolo a Daniel. Masabata awiri ndinapemphera ndekha kunyumba.

Sabata yachitatu ndinalimba mtima. Ndinatulutsa helimeti ija m'buti, momwe inali ikugubuduka masiku onsewo pakona iliyonse, n'kukwera nayo lifti ya kwa Patson. Rabecca ananditsekulira. Patson anali pampando womwe uja, kolala ili m'khosi, ataonda, akuyang'ana pawindo. Ndinaika helimeti patebulo. Sanaiyang'ane, ndipo inenso sanandiyang'ane.

Ndinaima pamenepo ngati mlendo wosochera. Funso ndinali nalo limodzi, koma ndinkaopa yankho lake kuposa mmene ndinaopera pabwalo paja.

"Muli bwanji, achimwene?"

Anatembenuka thupi lonse, poti khosi silinkatembenuka, n'kutambasula dzanja lamanja. Ndinaligwira. Ndiye ndinaona lamanzere likunyamuka pabondo, likunjenjemera, zala zitapindika. Linakwera, n'kuima panjira, n'kukweranso, mpaka nsonga za zala zinakhudza mkono wamanja.

"Pang'onopang'ono, achemwali," anatero.